Mabatire a LiPo tisawagonetse nawo m'galimoto akutchajidwa

Abale athu a pamsewu wa Joni, madalaivala ndi a geni tonse. Pakati pa katundu amene tikumaoda masiku ano ku China Mall ndi ku Dragon City pali mfuti za airsoft, zija zoponya timikanda tapulasitiki, komanso ma drone ndi timagalimoto ta remote. Zambiri mwa izi zimayendera batire ya LiPo, ija yofewa yokutidwa ngati paketi. Ife taona kuti ambiri timaitenga ngati batire ya tochi, pomwe iyi ikapsa mtima imayaka ngati petulo.

Tiyambe ndi manambala, chifukwa kasitomala akatifunsa sitiyenera kuyang'ana kumwamba. Selo imodzi ya LiPo ndi 3.7V. Ikadzaza imafika 4.2V, ndipo kupitirira pamenepo ndi ngozi. Mfuti za airsoft zimagwiritsa ntchito 7.4V, yomwe ndi maselo awiri, kapena 11.1V, maselo atatu. Ndiye kuti yoyambayo ikadzaza imawerenga 8.4V, inayo 12.6V. Kapulagi koyera kali pambali kaja si kokongoletsa. Ndi kamene tchaja imaonera selo iliyonse payokha kuti ina isadzaze kuposa inzake. Tchaja yopanda polowetsa kapulagi kameneka si ya LiPo. Makamaka ija ya mabatire akale a NiMH, imene nthawi zina imabwera m'bokosi la mfuti, tisailumikize ku LiPo ngakhale pulagi yayikulu ikulowa bwinobwino.

Liwiro lotchajira nalo lili ndi malire. Batire yolembedwa 1,200mAh itchajidwe pa 1.2A, ndipo zimatenga pafupifupi ola limodzi. Ola limenelo tikhale maso.

Apa ndiye pagona nkhani kwa ife a mathiraki. Tikaima pamzere pa Beitbridge kapena pa Nyamapanda, tulo tatikwana, n'kosavuta kulumikiza batire, kuiponya pa matiresi, kutseka magalasi n'kugona. LiPo isanayake imayamba kufufuma ndi kutentha, kenako imatulutsa utsi woyera wapoizoni, moto n'kubuka. Munthu wodzuka amaona zizindikirozi n'kuzula pulagi. Wogona m'kanyumba kotseka, pali bulangete, makatani ndi mapepala a katundu, amadzidzimuka zinthu zitaipa kale. Ndiye titchajire panja, pa simenti kapena m'chitini chachitsulo chosatseka kwambiri, kapena m'kathumba kosagwira moto kamene amagulitsa limodzi ndi mabatirewa. Kabotolo kodula kodzaza mchenga kakhale pafupi. Ikayaka, tithire mchenga, tichoke kumene utsi ukulowera, ndipo tisaigwire msanga chifukwa selo ina imatha kuyaka pambuyo pake.

China: mathiraki ambiri ndi a 24V, pomwe tchaja zodziwika ngati iMAX B6 zimalandira 11V mpaka 18V basi. Tiyambe taona chimene soketi ikutulutsa.

Kutentha nako. Tonse tikudziwa dzuwa la ku Tete mu Okutobala, kumene kumadutsa madigiri 40. Pa dashibodi pamatentha kuposa pamenepo, ndipo LiPo siyenera kutchajidwa kukatentha kupitirira madigiri 45. Batire yomwe yangochoka padzuwa kapena mu mfuti iyambe yazizira.

Anzathu a pa basi vuto lanu ndi lolongedza. Chikwama chikalowa pansi pa basi kapena mu ngolo, pamwamba pake amaponyapo mabelo ndi mafiriji. Batire yofewayi ikapindika kapena kubooka, imayaka yokha popanda tchaja. Tiichotse mu mfuti, timate mapulagi ndi tepi kuti asakhudzane ndi makiyi kapena makobidi, tiike iliyonse payokha m'kabokosi kolimba. Paulendo wautali isakhale yodzaza, isakhalenso youma: 3.8V pa selo ndiye pabwino. Yotsika pansi pa 3.0V yawonongeka. Oyenda pa ndege, mabatire apadera saloledwa mu sutikesi ya pansi, amayenda m'chikwama cha m'manja. Onyamula makatoni athunthu dziwani kuti mabatire a lithium ali m'gulu la katundu woopsa, Class 9, nambala yake UN3480, choncho mwini thiraki auzidwe zomwe zili m'katundumo.

Nanga yofufuma kale? Tikudziwa, ndalama inalowapo, ndipo mtima umafuna kuigulitsabe motchipa. Koma amene akaigule mwina ndi kholo logulira mwana, ndipo akaitchajira kuchipinda magetsi akangoyaka usiku. Imeneyo tiiwerenge ngati luzi. Tisaiboole kuti iphwe, tisaiponye pa moto wa zinyalala.

Za mfuti zenizenizo, zimafanana kwambiri ndi zoona, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Tifunse a kasitomu tisanaode, ndipo pa boda tizionetse tokha wapolisi asanazipeze yekha pansi pa mabulangete.