Ku Vinthukutu bwerani mpunga ukacha

Sabata yathayi ndalandira kalata yochokera kwa mayi wina wachitsikana wa ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Akuti amuna ake kwawo ndi kuno ku Vinthukutu m'boma la Karonga, ndipo apongozi akhala akudandaula kuti chibadwire mdzukulu wawo sanamuyangatepo. Mwanayo ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Bambo akufuna ulendowu ukhale wa pa Khirisimasi, koma mayi mtima ukukayika. Funso lake n'lakuti: Amayi, poti inu mumakhala komweko, tibwere liti?

Mwana wanga, wachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Yankho langa ndi ili: bwerani pakati pa kumapeto kwa Meyi ndi Julayi. Ndifotokoza zifukwa zake kuti ukakhale ndi chowauza bambo a kunyumbawo.

Kwa amene simunafikeko, Vinthukutu ali mumsewu wa M1, kufupi ndi Uliwa ndi Chilumba, m'dera la Mfumu Wasambo. Mukachoka ku Mzuzu mumatsika phiri la Chiweta, nyanja n'kuoneka pansi mbee, kenaka mumadutsa Chitimba mpaka kufika kwathu kuno. Kuvuma kuli nyanja, kuzambwe kuli nkhalango ya Vinthukutu ndi mapiri okwera ku Nyika. Malo ndi okongola, koma ndi otsika komanso otentha, ndipo nyengo iliyonse imabwera ndi zake.

Tiyambe ndi Khirisimasi imene bambowo akufunayo. Disembala ndi chiyambi cha dzinja, ndipo kuno mvula imapitirira mpaka Epulo. Imene imagwa mu Malichi ndi Epulo ndiyo imakhala yoopsa, mitsinje imasefukira, ndipo pa Chiweta miyala ndi matope zimatha kugumukira mumsewu, galimoto n'kuima maola ambiri. Taganiza kukhala m'basi yodzadza, khanda likulira, madzi akumwa atha. Komanso nthawi imeneyi kumudzi nkhokwe zimakhala zitapepuka. Apongozi sangakuuze, adzakupherani nkhuku ndithu, koma mukachoka otsalawo ndiwo adzavutike.

Chachikulu chimene chikundiopsa ine monga namwino ndi malungo. Madzi akadikha m'minda ya mpunga ndi m'zithaphwi, udzudzu umaswana osati masewera. Ana okulira m'tauni ya pamtunda ngati Blantyre thupi lawo silinazolowere, ndiye malungo akawagwira amawagwetsa msanga. Izi sindikunena zongomva. Chaka china mdzukulu wanga anabwera kuchokera ku Lilongwe pa tchuthi cha Khirisimasi. Usiku kunkatentha, makolo ake n'kumapinda neti kuti mwana apitidwe mphepo. Anabwerera ali bwinobwino. Patatha masiku khumi thupi linayamba kutentha, iwo n'kumati ndi mano akumera. Pomwe ankafika naye kuchipatala magazi anali atachepa, mpaka anachita kumuwonjezera. Anachira, koma mpaka lero ndimadziimba mlandu kuti ine namwino wathunthu ndinalekerera.

Nanga chilimwe? Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha moti mchenga sungauponde wopanda nsapato masana. Anthu amagona pakhonde, ena pabwalo. Mwana wamng'ono ndi munthu wachikulire wodwala BP nyengo imeneyi imawafoola, madzi amatha m'thupi osazindikira. Utsi wa moto wolusa umaphimbanso mapiri, moti tsidya la nyanja silioneka. Chabwino chake ndi mango basi, amene amayamba kupsa cha mu Novembala, koma mango okha si chifukwa chowotchera khanda.

Tsono taona mmene kumakhalira mu Juni. Mvula yatha, msewu wauma, udzudzu wachepa ngakhale sunatheretu. Masana kumafunda bwino, usiku kabulangete kamodzi kakukwana. Mpweya umakhala woyera, ndipo m'mawa ukaima kugombe umaona mapiri a Livingstone a ku Tanzania ngati ali pafupi pomwepa. Kumasikimu a Hara ndi Wovwe anthu amakhala ali kalikiliki kukolola mpunga, ndipo fungo la Kilombero watsopano akamaphikidwa limamveka nyumba yachitatu. Chakudya chimakhala chilipo: kondowole, usipa, nthochi, mbatata. Mlendo wa mu Juni sabwerera chimanjamanja, ndipo apongozi amapereka mosadandaula chifukwa ali nazo.

Ndi nthawi yabwinonso yoyenda. Kuchokera pa Chitimba mutha kukwera msewu wa Gorodi, wokhotakhota uja, kukaona mathithi a Manchewe ndi mishoni ya Livingstonia imene Dr Robert Laws anaikhazikitsa pa Khondowe mu 1894. Msewu umenewu nthawi ya mvula ndi wosayesa dala. Mukafika pa boma la Karonga kalowenitu m'nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 2004, mukaone mafupa a chinyama chija amati Malawisaurus. Bambowo mwina anakulira kuno koma sanalowemo, anthu a pafupi ndiwo timatsalira.

Koma ndisakunamize kuti Juni ndi Julayi alibe vuto. Imeneyi ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kummwera imene imavundula nyanja mwadzidzidzi. M'mawa madzi ali phee, pofika masana mafunde ngati nyumba. Akuluakulu kuno amakumbukabe sitima ya Vipya imene inamira pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi Chitimba, anthu 145 n'kutaya miyoyo. Choncho wina akakuitanirani bwato kapena boti kuti mukazungulire, yambani mwafunsa asodzi. Iwo akakana kulowa, inunso khalani kumtunda. Ngati mukulakalaka kudzera panyanja pa Ilala kudzatsikira padoko la Chilumba, funsani kaye za tsiku lake, komanso dziwani kuti mwera umasanzitsa ngakhale akuluakulu.

Kaya mubwera mwezi uti, neti yonyikidwa m'mankhwala munyamule yanu, ndipo mwana azigona m'menemo usiku uliwonse, kutenthe kusatenthe. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini. Tonse tikukumbuka mmene kolera inatisautsira m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja sanasiyidwe. Posamba pewani malo a bango ndi madzi odikha chifukwa m'momwe mumakhala nkhono za likodzo. Khandalo musalilowetse m'nyanja, lisambitseni kunyumba. Mukabwerera ku Blantyre, mwana akatentha thupi, ngakhale patapita milungu ingapo, thamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo uwauze adokotala kuti munali ku Karonga. Osangomupatsa panado n'kumadikira mawa. Buku lake la kusikelo lisatsale.

Ndikudziwa kuti bambowo adzati Khirisimasi ndi pomwe abale onse amakumana, ndipo akunena zoona. Usalimbane nawo. Khalani pansi muwerengere limodzi: pa Khirisimasi mabasi amadzadza, mitengo imakwera, mwana adzakhala asanakwane chaka. Pofika Juni adzakhala akuyenda, katemera wambiri atalandira. Ngati n'kotheka, bambo apite okha mu Disembala atanyamula zithunzi za mwana ndi kangachepe ka agogo, n'kuwalonjeza mwezi weniweni umene nonse mudzafike. Apongozi a kuno ndi omva zinthu, ukawauza kuti ukuopera mdzukulu wawo malungo adzakuyamika.

Ndiye ukamabwera mu Juniyo usaiwale thumba lopanda kanthu. Mpunga wobwerera nawo udzachita kusowa poika.