Kampeni kamene kamaopetsa amisiri

Pa ntchito zonse zimene timagwira pa lathe, makina aja ozunguza chitsulo kuti mmisiri achiseme, palibe imene imanjenjemeretsa ophunzira ngati kudula. Kusema amazolowera msanga, kuboola chimodzimodzi. Koma bushi ya chigayo ikasemedwa, pamafunika kuidula kuti ichoke pa ndodo yachitsulo, ndipo apa m'pamene ntchito ya tsiku lonse imapulumuka kapena kuwonongeka.

Mpeni wodulira ndi kachitsulo kopyapyala, nthawi zambiri mamilimita 2 kapena 3 basi. Umalowa m'kangalande kamene ukudzikumbira wokha, chitsulo chitaupana uku ndi uku. Ukathyoka umalira kuti phwa! ndipo chidutswa chake chikhoza kulasa diso. Mipeniyi imachokera kunja, mtengo wake si wamasewera. N'chifukwa chake mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene ndikumuphunzitsa ntchitoyi, sindimulola kuyatsa makina asanandionetse zinthu zitatu.

Choyamba ndi msinkhu wa mpeni. Nsonga yake iyenera kulunjika pakatikati penipeni pa chitsulo. Ikakwera, mpeni umangokhula osadula, n'kutentha. Ikatsika, chitsulo chimakwera pamwamba pa mpeni n'kuukokera pansi, basi wathyoka. Poyeza, makina ali chizimire, timapanikiza pang'ono rula yachitsulo pakati pa nsonga ndi ndodoyo. Rula ikaima chilili, zili bwino. Mutu wake ukapendekera kwa iwe, mpeni watsika. Ukapendekera kutali nawe, wakwera. Kumene kulibe chogwirira chokweza ndi sikuluwu, timaika tizitsulo topyapyala pansi pake mpaka zilingane.

Chachiwiri, mpeni uloze chitsulo mowongoka, madigiri 90. Ine ndimagunditsa mbali ya mpeni pa nkhope ya chuck, chopanira chitsulo chija, kenako n'kumanga. Ukapendama ngakhale pang'ono, mbali yake imakhula khoma la ngalandeyo, ndipo ukamalowa mozama umapindika. Muonenso kuti wakhala bwino m'chogwirira chake. Mpeniwu ndi wotambalala pamwamba, wowonda pansi, kuti mbali zake zisakhudze chitsulo. Kanyenyeswa kamodzi kotsalira m'chogwirira kamaupendeketsa, ndiye pukutani musanamange.

Chachitatu, usatuluke kwambiri. Ngati ndodo ndi ya mamilimita 40, mpeni ukungofunika kuyenda mamilimita 20 kuti ufike pakati. Utulutseni 23 kapena 25, osapitirira. Wotuluka kwambiri umanjenjemera, makina n'kumalira mokuti aliyense panja amadziwa kuti m'katimo zavuta.

Mphwangayo amadandaula. “Amalume, nthawi yonseyi tikungomanga mpeni, tidula liti?” Ine ndimangoti, “Iwe, kudulako n'kwa mphindi ziwiri. Ntchito ndi imene ukuitopayi.”

Podula pali malamulo akenso. Dulirani pafupi ndi chuck. Mangani ngolo ya makina kuti isasunthire kumbali. Chepetsani liwiro, lifike mwina theka la limene mumasemera. Thirani mafuta osalekeza, kupatula pa cast iron imene imadulidwa youma. Musadule mpaka kumapeto chitsulo chitatsamira pa tailstock, chifukwa chikatsala pang'ono kuduka chimapinda n'kupana mpeni. Ndipo dzanja lisachite mantha. Wamantha amalowetsa mpeni monyengerera, mpeniwo n'kumangokhula mpaka kubuntha. Lowetsani mosadukiza, zinyenyeswa zizituluka zopotana. Magalasi kumaso, manja a malaya opinda, ndipo magolovesi ayi ndithu, chifukwa makina akakola nsalu amakoka ndi dzanja lomwe.

Chimene chimandikhwimitsa mtima chonchi si mtengo wa mpeni wokha. Amene amabwera kwa ife sabwera kudzacheza. Wina chigayo chake chaima, amayi akudikira ndi matumba a chimanga. Wina ngolo yake yathyoka ekiselo nthawi yokolola. Kachitsulo kamene wabweretsako mwina wachita kukasaka kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Ndirande, ndipo kena kofanana nako kulibe. Mpeni ukadumpha n'kukaononga, ndimuuza chiyani munthuyo?

Palinso mlongo wanga. Anandipatsa mwana wake ali ndi maso awiri ndi zala khumi, ndipo tsiku limene adzatsegule malo akeake ndikufuna adzapite nazo zonse. Masiku ano ndimamuona akutulutsa rula m'thumba ndisanamuuze. Ndimangokhala chete, n'kumapitiriza zanga.