Chitsulo chotsikira m'dzenje ndi funso la mayi wina

Nkhani ya lero ndi yovomereza kulakwa, ndiye mundipirire ikatalika.

Loweruka lina ndili pakhonde kuchonga mapepala a Fomu 3, ndinamva odi. Anali mayi wachikulire atanyamula kambale ka mtedza. Sindinawazindikire mpaka pamene anatchula mwana wawo, mnyamata amene ndinamuphunzitsa Physical Science mu 2012. Ankakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, wosalankhulalankhula, koma masamu ankawamenya. Panopa akugwira ntchito ndi kampani ina yoboola maenje ofufuzira miyala ya m'nthaka kumpoto, cha ku Karonga.

Titapatsana moni, mayiwo sanazungulire. "Aphunzitsi, mwana wanu uja akugwira ntchito ya poizoni. Akuti amatsitsa chitsulo cha radiation m'dzenje. Kumudzi akunena kuti sadzabereka, ndipo akuchikazi amva kale. Chinkhoswe chayandikira. Inu ndi amene munamuphunzitsa, inu akumverani. Muuzeni asiye."

Mnyamatayu ndi amene akulipirira fizi azing'ono ake awiri. Mayiwo ankadziwa zimenezo kuposa ine, komabe anasankha kuti bola njala kusiyana ndi kumutaya mwana.

Ndinachita manyazi. Mutu wa radiation ndauphunzitsa zaka zambiri ndi choko chokha. Alpha amaimitsidwa ndi pepala, beta ndi aluminiyamu, gamma ndi mtovu wokhuthala. Kenako half-life, kenako Hiroshima 1945 ndi Chernobyl 1986, kenako belu. Geiger counter ndinaiona pa chithunzi cha m'buku basi. Ana ankaloweza, ankakhoza, ine n'kumadzitama. Koma munthu atabwera ndi funso lenileni lokhudza moyo wa mwana wake, ndinalibe chonena. Ndinapempha masabata awiri.

Usiku womwewo ndinamuimbira mnyamatayo. Anaseka kwambiri. "Sala, si ndinu munatiuza kuti gamma ndi imfa? Amayi anamva kwa ine, ine ndinamva kwa inu." Kenako ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha pepala lalitali lokhala ndi mizere yokhotakhota yotsika pansi, manambala a mamita ali m'mbali. Tinakhala pa foni mpaka mayunitsi anga anatha, ndipo masiku otsatirawo ndinawerenga ngati mwana wa Fomu 4 amene MSCE yamuyandikira.

Vuto limene zida zimenezi zinabwera kudzathetsa ndi losavuta kulimvetsa. Mukaboola dzenje la mamita 200, kukamwa kwake n'kongokwana mbale ya ndiwo, simungalowemo kukaona. Amene munaonererapo akukumba mjigo kumudzi mukudziwa kuti kawirikawiri okumba amangotapa fumbi ndi matope otuluka m'dzenjemo, n'kumaunjika timilu pansi kuti aone pamene nthaka yasintha. Njirayi imathandiza, koma zotulukazo zimasakanikirana m'njira, ndipo mwala wopyapyala ukhoza kudutsidwa osaonedwa. Choncho amatsitsa chitsulo chachitali chonga paipi pa chingwe cha magetsi, n'kumachikoka pang'onopang'ono kuchokera pansi, icho chikutumiza zimene chikupeza ku kompyuta ya m'galimoto. Oyamba kuchita zotere anali Conrad ndi Marcel Schlumberger, pachibale pawo, ku Pechelbronn m'dziko la France mu 1927, koma iwo ankayeza magetsi. Za radiation zinabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 m'zitsime za mafuta ku America.

Chimene chinandidabwitsa poyamba n'chakuti chida chimene mnyamatayu amagwiritsa ntchito kwambiri sichitulutsa cheza chilichonse. Chimangomvetsera. Miyala yokha ndi imene imatulutsa gamma, kuchokera ku potaziyamu, yureniyamu ndi thorium zimene zakhala m'nthaka chilengedwere dziko. M'chitsulomo muli kamwala koonekera ka sodium iodide, kamene kamathwanima gamma akakagunda, ndipo makina amawerenga kuthwanimako. Miyala yochokera ku dongo imakhala ndi zinthu zimenezi zambiri, ndiye mzere wa papepala umathawira kumanja. Mwala wa mchenga woyera uli nazo zochepa, mzere umabwerera kumanzere. Munthu wodziwa akangoyang'ana amaona kuti apa ndi dongo, apa ndi mchenga umene ungasunge madzi kapena mafuta. Ndipo poti gamma amadutsa chitsulo, chidachi chimagwira ntchito ngakhale m'chitsime chimene anaika kale mapaipi.

Ena mukukumbukira ndege za Kauniuni zimene zinkauluka motsika m'dziko muno mu 2013 ndi 2014. Mwa zina zimene zinanyamula munali chida chomvetsera gamma chomwechi, kungoti chachikulu. Ine ndinaziona zikudutsa pamwamba pa sukulu, ana anathamangira panja, ndipo ndinawakalipira kuti abwerere m'kalasi. Phunziro linali kuuluka pamwamba pa denga langa ine ndikulemba manotsi.

Pofufuza yureniyamu, monga wa ku Kayelekera amene ali m'miyala ya mchenga, mzere uja umadumpha kwambiri ukafika pamene pali chuma. Koma apa pali kamsampha kamene ndinakakonda. Yureniyamu mwiniwakeyo satulutsa gamma wambiri. Amene amamveka kwambiri ndi mdzukulu wake wa patali, bismuth-214, amene amabadwa yureniyamu akamasweka. Madzi a pansi pa nthaka akhoza kukokolola yureniyamu n'kusiya zidzukulu pamalopo. Phokoso la ana pabwalo silitsimikiza kuti agogo ali m'nyumba. N'chifukwa chake amatumizabe zidutswa za miyala ku labotale kuti akayerekeze ndi zimene chitsulo chanena.

Nditafika apa ndinapuma, ndimvekere nkhani yatha, mayi aja angoopa mthunzi. Mnyamatayo anandidula. "Dikirani sala, pali china."

Chinacho ndi chida choyeza kulemera kwa mwala. Ichi ndiye chimanyamula radiation yakeyake: kachidutswa ka cesium-137 kotsekeredwa m'kachitsulo kochepa kuposa chala. Kamawombera gamma kukhoma la dzenje, ndipo zomvetsera zimene zili chapamwamba pang'ono zimawerenga amene abwerera. Mwala wothinana umameza ambiri, amabwerera ochepa. Mwala wopepuka kapena wa mabowo ambiri umalola ochuluka kudutsa. Zili ngati kuyesa kudutsa mumsika wa Lilongwe madzulo a Lachisanu ndi kudutsamo m'mawa wa Lamulungu. Pa malasha chidachi sichiphonya, chifukwa malasha amalemera pafupifupi magalamu 1.4 pa cubic centimetre pamene mwala wa mchenga umapitirira 2. Pamzere pamaoneka poyambira ndi pothera malasha ngati wina wadula ndi lezala.

Pali chachitatu, chofala m'zitsime za mafuta ndi gasi, chimene chimaponya ma neutron kuchokera ku americium wosakaniza ndi beryllium. Anzanga a Physics, apa pali chitsanzo chimene ndikanakonda ndikanachidziwa zaka 20 zapitazo. Pitani pa tebulo la pool pa trading centre. Mpira woyera ukagunda khoma la tebulo umabwerera ndi liwiro lake pafupifupi lonse. Ukagunda mpira unzake wofanana nawo kulemera, umaima n'kupatsira mnzakeyo mphamvu. Neutron amalemera pafupifupi mofanana ndi phata la hydrogen, ndiye hydrogen ndi amene amamufooketsa msanga. Pansi pa nthaka hydrogen amapezeka kwambiri m'madzi ndi m'mafuta. Chida chikaona kuti ma neutron afooka msanga, ndiye kuti mwalawo uli ndi mabowo odzaza zamadzimadzi. Amene anatulukira njirayi mu 1941 ndi Bruno Pontecorvo, wophunzira wa Enrico Fermi, atathawa nkhondo ku Ulaya n'kupeza ntchito ku Tulsa, Oklahoma. Munthu yemweyu anadzasamukira ku Soviet Union mwakabisira mu 1950, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsono mayi aja sanalakwitse zonse. Cesium-137 si chidole. Mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka pafupifupi 30, ya americium-241 pa zaka 432. Ku Goiânia m'dziko la Brazil mu 1987, anthu otola zitsulo anatsegula makina akale a chipatala okhala ndi cesium, ena n'kumadzola ufa wake wonyezimira, ndipo anthu 4 anamwalira. Wa m'makina amenewo anali wamphamvu kwambiri kuposa wa m'zida za m'maenje, koma mtundu wake ndi womwewo. Ku Texas mu 2012 kachitsulo ka americium ndi beryllium kanasowa paulendo wochokera ku chitsime, kanapezeka m'mbali mwa msewu patatha pafupifupi mwezi. Chida chikakanirira pansi pa dzenje n'kulephereka kuchivuula, lamulo la ku America limati achikwirire ndi simenti n'kuika chikwangwani chachitsulo pamwamba, kuti wodzaboola m'tsogolo asadzachigunde.

Kachitsuloko kakakhala pansi pa mamita 100 sikangamupweteke munthu, ndipo kakakhala m'chosungira chake chochindikala pagalimoto, kotulukako n'kochepa. Nthawi yoopsa ndi ya pakati, masekondi ochepa aja amene akukachotsa m'chosungira kukaika m'chida. Amagwira ndi ndodo yaitali, mwachangu, ena onse ataima patali. Mtunda ukawirikiza kawiri, cheza chofika pathupi chimatsika kanayi. Lamulo limeneli ndinalilembapo pa bolodi ngati masamu chabe. Sindinkadziwa kuti mwana amene wakhala pafupi ndi zenera adzalinyamula m'manja.

Za kubereka ndinazifufuza mwapadera. Malire amene akatswiri a dziko lonse anaika kwa ogwira ntchito zotere ndi ma millisievert 20 pa chaka. Tonsefe timalandira pafupifupi 2.4 pa chaka kuchokera ku chilengedwe, tingakhale pansi pa mtengo wa mango. Kuti mwamuna aleke kubereka mpaka kalekale pamafunika masauzande a ma millisievert nthawi imodzi. Komanso gamma sakakamira pathupi ngati mankhwala opopera thonje. Munthu akachoka pamalopo sapita naye kunyumba kwa mkazi wake, monga momwe wojambulidwa X-ray satengera chezacho kumudzi.

Ndinamufunsa mnyamatayo ngati amavala kabaji koyeza cheza chimene walandira. Anati amavala. Ndinamufunsa ngati anaonapo zotsatira zake. Anakhala chete, kenako anati, "Amatenga, amabweretsa katsopano, basi." Apa ndiye ndinabwerera pa uphunzitsi. Ndinamuuza kuti akapemphe pepala la zotsatirazo, chifukwa manambalawo ndi a thupi lake, ndipo tsiku limene adzauzidwe kuti agwire kachitsuloko ndi dzanja poti ndodo yaiwalika, adzakane ngakhale abwana atakwiya.

Masabata awiri atakwana mayi aja anabweranso. Ndinawauza kuti sindimuuza mwana wawo kuti asiye ntchito, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake mmene ndikanathera. Anamvetsera manja ali pamiyendo.

"Ndiye kabajiko kamamuteteza?"

"Ayi mayi, kamangowerenga."

"Nanga chomuteteza n'chiyani?"

"Ndodo, kuima patali, ndi kusachedwa."

Anagwedeza mutu, osati movomera kwenikweni. Anati iwo amva, koma ovuta ndi amalume ake a mtsikanayo, ndipo zimene ndanenazi sangathe kukazibwereza okha. Choncho Loweruka likudzali akubwera nawo amalumewo kuno kwathu. Mnyamatayo watumiza kale pepala la zotsatira za kabaji kake, manambala ake ali pansi kwambiri pa malire aja. Ine ndasindikiza chithunzi cha mizere ija pa mapepala anayi n'kuwamata ndi selotepi, ndipo mwini pool wa pa trading centre wavomera kundibwereka mipira iwiri, bola ndibweze isanakwane 4 koloko.