Seal Youma Ndiyo Imayamba Kudontha

Ntchito yanga ndi yomanganso injini zakale, ndipo ndimaima pa mfundo imodzi: injini yomangidwanso ikayamba kudontha oyilo, kawirikawiri cholakwa chimakhala kuti chinachitikira pa tebulo, isanalizidwe n'komwe. Ambiri amayesa kuti oil seal ndi chitsekerero cha botolo, choti ukangochikhomera basi zatha. Sizili choncho. Mlomo wa seal umatsetsereka pa crankshaft yozungulira maulendo 2,000 kapena 3,000 pa mphindi, ndipo pakati pa mphira ndi chitsulo pamayenera kukhala kaoyilo kochepa zedi. Kaoyiloko ndiko kamaziziritsa mlomowo. Mukaika seal ili youma, imapsa m'masekondi oyamba, n'kuuma gwa, ndipo posakhalitsa mudzaona dontho pansi pa flywheel. N'chifukwa chake ndimapaka oyilo woyera ndi chala kuzungulira mlomo wonse, ndimaonetsetsa kuti kasipuling'i kayang'ana mkati komwe kuli oyilo, ndipo ndimakankha seal ndi chitsulo chobulungira cholingana nayo kuti ilowe mowongoka. Hamala ndi sikuludiraiva zimaipendeketsa. Ndisanachite zonsezi ndimayendetsa chikhadabo pomwe panali seal yakale. Chikakodwa m'kangalande, seal yatsopano siithandiza kanthu, pamafunika kachitsulo kopyapyala kovekapo, monga Speedi-Sleeve ya SKF.

Ena amati galimoto yakale ndi yodontha basi, ndi mmene anaipangira. M'mawuwa muli choonadi pang'ono. Injini ya A-series ya Austin ndi Morris, imene inatuluka mu 1951, ilibe seal ya mphira kumbuyo kwa crankshaft. Ili ndi mizere yonga ya bawuti imene imabwezera oyilo m'sampu injini ikamazungulira, ndipo kadontho mukaimika galimoto pamtunda n'kosadabwitsa. Koma kadontho n'kosiyana ndi chithaphwi. Tengani Land Rover ya malita 2.25, imene inabwera ndi Series II mu 1958, yomwe ambiri kuno amaidziwa. Mu injini zake za ma main bearing atatu, seal yakumbuyo ndi yodulidwa kuti ikolekedwe pa crankshaft, kasipuling'i kamakolowekedwa pamanja, ndipo podukapo payenera kuyang'ana kumwamba. M'mbali mwa kapu ya bearing yomaliza muli tizidutswa tiwiri ta cork tooneka ngati chilembo T, timene timang'ambika msanga mukatsitsa kapuyo mwachangu. Wina akazilakwitsa zimenezi amanamizira ukalamba wa injini. Ma seal a chingwe nawonso amafuna kudekha: chingwe chinyikidwe m'oyilo, chipsinjidwe m'ngalande yake ndi chitsulo chobulungira, kenako chidulidwe ndi mpeni wakuthwa. Chikalimba kwambiri crankshaft imakana kuzungulira ndi dzanja, ndipo chingwecho chimapsa.

Yankho limene limandikwiyitsa ndi lakuti ingomatani silicone yambiri. Imene imafinyikira kunja mumaiona n'kuipukuta, koma ina yochuluka chimodzimodzi imafinyikira mkati, imathothoka, n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Mwatseka dontho, mwapha ma bearing. Komanso seal yabwino imalephera ngati breather yatsekeka ndi fumbi ndi utsi, chifukwa mpweya wodutsa pa ma ring ukasowa potulukira umakankhira oyilo pa seal.

Mfundo ya kupaka oyilo ija imagwiranso ntchito mkati mwa injini. Pampu imatenga kanthawi kuti oyilo afike paliponse, ndipo m'kanthawi kameneko chitsulo chimadalira chimene makaniko anapaka. Kumaso kwa bearing ndimapaka assembly lube yomata, koma kumsana kwake, komwe imakhala m'kapu, kuyenera kukhala kouma ndi koyera, apo ayi siikhazikika bwino. Mpata wa bearing ndi crankshaft ndi pafupifupi mamilimita 0.025 pa mamilimita 25 alionse a kunenepa kwa shaft, wochepa kuposa tsitsi, choncho kamchenga kamodzi ka mphepo ya mu Okutobala n'kokwanira kulemba mzere. Ma ring ndi masilinda amangofuna oyilo wopepuka, girizi amawalepheretsa kukhazikika. Pampu ndimaidzaza ndisanatseke, ndipo pa Rover V8 yakale magiya ake amapakidwa Vaseline kuti ikoke oyilo nthawi yomweyo.

Pali ena amene amati oyilo wamakono ndi wabwino kuposa wa m'ma 1960, ndiye nkhawa n'njachiyani. Ndi wabwinodi pa zambiri, koma anapangidwira injini zina. Injini zambiri zakale zili ndi ma tappet afulati amene amakhuzana mwamphamvu ndi camshaft, ndipo amatetezedwa ndi mankhwala a zinc ndi phosphorus otchedwa ZDDP. Muyezo wa API SM wa mu 2004 unachepetsa phosphorus m'oyilo wopepuka kufika pa 0.08 peresenti pofuna kuteteza catalytic converter, chipangizo chimene Morris Minor ilibe. Ine ndimasankha 20W-50 wokhala ndi zinc wokwanira, ndipo camshaft yatsopano ndimaipaka phala la moly pa nsonga iliyonse. Ndimachotsa mapulagi, ndimazunguza ndi sitata mpaka geji ya oyilo itakwera, kenako ndimailiza n'kuisunga ikuzungulira maulendo 2,000 mpaka 2,500 pa mphindi, kwa mphindi 20, chifukwa camshaft imadalira oyilo wothovukira kuchokera pa crankshaft, ndipo injini ikamalira pansipansi amakhala wochepa.

Inu eni galimoto, tsiku lokaliza injini koyamba mukakhalepo, ndipo musalole kuti mapulagi abwezeredwe geji ya oyilo isanasunthe.