Juzi ya amayi idatsala mkono umodzi

Amayi anzanga amene mumaluka, tiyeni lero tiuzane zoona. Ndani mwa inu alibe dengu, jumbo kapena katoni momwe adaunjikamo zoluka zosatha? Ngati alipo aimike dzanja timuone.

Langa ine ndi dengu lansungwi, limakhala pamwamba pa wadiropu. Pofika chaka cha 2023 mudali zinthu zisanu ndi chimodzi: juzi ya abambo akunyumba yomwe ndidaiyamba mu 2019, shawelo ya khanda la mlamu wanga lomwe panthawiyo linali litayamba kale kuthamangitsa nkhuku, sokosi imodzi yopanda inzake, juzi yasukulu ya mwana wanga wotsiriza, zoyala pamipando ziwiri m'malo mwa zisanu ndi chimodzi, ndi juzi ya mayi anga ondibala. Nkhani yanga yagona pa juzi yomalizayi.

Kuluka adandiphunzitsa ndi mayi omwewo kwathu ku Dedza ndili Sitandade 4. Singano zogula kusitolo tidalibe. Tinkatola masipoku a njinga, kuwanola pamwala, ulusi n'kumasula kumajuzi akutha. Amene mudagonako ku Dedza mwezi wa Juni mukudziwa kuti kumeneko kuluka si masewera ongotayitsa nthawi. Mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa, mwana wopanda juzi amafika kusukulu zala zitauma, kulephera kugwira pensulo. Mayi ankaluka madzulo pamoto akuyang'anira mphika, ndipo sindidawaonepo akuyamba china asadatsirize chomwe chili pasingano.

Ine ndidatengera luso lawo, koma khalidwe limenelo lidandiphonya.

Chodzikhululukira ndili nacho, ndipo n'chomveka ndithu. Ndine mphunzitsi wa pulayimale muno mu Lilongwe. Ndimadzuka 4 koloko kutunga madzi mpopi usadaume, kukoleza mbaula, kuphika phala, kenako kukalimbirana minibasi. Chiyambireni sukulu yaulere mu 1994 makalasi athu adasefukira, moti ana oposa 100 m'kalasi imodzi si zachilendo, ndipo makope awo onse amafuna cholembera chofiira changa. Loweruka ngati si maliro ndi chinkhoswe, ngati si chinkhoswe ndi banki m'khonde. Lamulungu kutchalitchi, pobwera kuchapa. Ukati madzulo ukhale pansi utenge singano, magetsi thii!

Koma ndikanena kuti vuto lidali nthawi yokha ndiye kuti ndakunamizani. Nthawi yoyamba chatsopano ndinkaipeza bwanji? Kuyamba kumakoma, abale. Ulusi watsopano umafewa m'manja, mtundu wake umakuitana uli m'sitolo, ndipo mizere yoyamba imathamanga. Mbali yakumsana umaimaliza m'masabata awiri uli ndi moto. Yakutsogolo umaikoka. Mkono woyamba umaluka mokakamiza. Ukafika pamkono wachiwiri mtima umati, "Aaa, zomwezija kachiwiri?" Ndiye kukudikira kulumikiza zidutswazo ndi kutola masitichi a m'khosi, ntchito yosaoneka koma yofuna maso ndi kudekha. Apa m'pamene majuzi ambiri amafera. Nthawi yomweyo mnzako wa kuntchito wabwera ndi patani yatsopano, iwe wayamba ina. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Mu Epulo 2022 ndidapita kumudzi kukathandiza kukolola. Tikusola chimanga pakhonde ndidaona kuti zala za mayi zayamba kupindika ndi nyamakazi. Iwo adaona kuti ndaona.

"Mwana wanga, singano ndidasiya, zala zikukana," adatero. "Undilukireko juzi yotsegula kutsogolo, yamabatani, yoti ndizivala popita kutchalitchi. Juni ali pafupi."

Ndidayankha modzitama: "Amayi, imeneyo ndi ya mwezi umodzi basi."

Juzi ya munthu wamkulu imadya mipukutu isanu kapena isanu ndi umodzi ya magalamu 100. Ine mwezi udali pakati, ndidangogula inayi, yofiirira ngati nyemba za phalombe, n'kumati inayo ndidzagula ndikalandira. Uku kudali kulakwa koyamba. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha idagwa ndi 25 peresenti, ulusi poti ngochokera kunja udakwera, ndipo nditapitanso kusitolo mtundu uja udali utatha. Ndidazungulira masitolo a ku Bwalo la Njovu mpaka ndidaupeza wofanana nawo, koma nditafika kunyumba n'kuuyika padzuwa pambali pa unzake, udaoneka wotuwirako. Oluka mukudziwa: ulusi ngakhale ukhale wa dzina limodzi, ngati sudanyikidwe mu utoto nthawi imodzi umasiyana, n'chifukwa chake pakapepala kake amalembapo nambala. Mtima udagwa. Ndidaponya juziyo m'dengu kuti ndiganize kaye.

Kuganizako kudatenga Juni yense ndi Julayi yemwe.

Manyazi atandigwira ndidapita pakaunjika, ndidasankha juzi yabwino yochindikala n'kuwatumizira. Ndidadziuza kuti cholinga n'chakuti asazizidwe, nanga kufunda kumasankha woluka? Pa Khrisimasi ndidawapeza ataipinda bwinobwino m'sutikesi.

"Ndimavala, imafunda," adatero. "Koma iyi adalukira munthu wina, kwinakwake. Ine ndidapempha ya manja ako. Kapena ikulukidwa ndi bilimankhwe?"

Tidaseka tonse. Ndidalonjeza kuti Juni wa 2023 sadzafika isadathe. Ndidabwerera ndi mphamvu, ndidamaliza mbali zonse zakutsogolo, ndidaluka mkono umodzi. Kenako mayeso a Sitandade 8 adayandikira, mwana adadwala malungo, kwa aneba kudagwa zovuta, ine n'kumati mawa, mawa. Pafoni mayi adasiya kufunsa za juzi. Ndinkaganiza kuti aiwala. Tsopano ndimadziwa kuti adangofuna kundipeputsa.

Kumayambiriro kwa Ogasiti 2023 achimwene adaimba foni usiku kuti mayi agonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Ndidakwera basi yoyamba, juzi ndi singano zili m'chikwama, ati ndikamalizire pambali pa bedi lawo. Ndidapeza atatisiya mbandakucha.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti juzi ikadawachiritsa. Adali okalamba, ndipo chofunda adali nacho. Koma mayi amene adandilukira kuyambira ndili kumsana adandipempha chinthu chimodzi chokha m'moyo wawo wonse, ndipo kwa miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi ndidalephera kupeza madzulo asanu a mkono umodzi. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine mwambiwu ndimaphunzitsa ana m'kalasi, koma ndidaumvetsa ndili pamanda.

Dengu lija ndidalikankhira kukhoma kuti ndisamalione. Pafupifupi chaka chathunthu sindidakhudze singano. Abambo akunyumba, omwe kale ankandiseka kuti, "Amake mwana, juzi yanga ija ndidzavalira kumwamba?" adasiyiratu nthabwala imeneyo.

Mu Juni 2024 mwana wanga wamkazi woyamba adali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri. Tonse tinkawerengera Ogasiti, ndipo ine ndinkati sukulu zikatsekera ndidzalimba mtima ndigule ulusi wa shawelo, ngakhale udali utakweranso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Khandalo silidafunse kalendala yathu. Lidabadwa Lachinayi madzulo, lolemera kilogalamu imodzi ndi theka, kamutu ngati lalanje.

Anamwino adatifotokozera kuti mwana wobadwa masiku asadakwane alibe mafuta okwanira m'thupi, sachedwa kuzizidwa, ndipo kutentha kwambiri kumathawira kumutu poti mutu ndi waukulu poyerekeza ndi thupi. Adati akangokhazikika amuyika pa njira ya kangaru: mwana amagona pachifuwa pa mayi ake khungu kukhungu, atangovala thewera, chipewa ndi masokosi, n'kumangidwa ndi chitenje usana ndi usiku. Njirayi idayambira ku Bogota m'dziko la Colombia mu 1978, ndipo kuno kwathu idayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Ana otere si ochepa ayi. Lipoti lomwe bungwe la WHO ndi anzake adatulutsa mu 2012 lidati mwa ana 100 alionse obadwa m'Malawi, 18 ankabadwa masiku asadakwane, chiwerengero chomwe panthawiyo chidali chokwera kuposa dziko lina lililonse.

"Agogo, tipezereni kachipewa komukwana," adatero namwino wina. "Izi mwabweretsazi n'zazikulu, zizingovuka."

Nthawi n'kuti ili 8 koloko usiku, masitolo atatseka. Ndidafika kunyumba, ndidakwera pampando, ndidatsitsa dengu. Ulusi wofewa wokhawo womwe udalimo udali wa juzi ya mayi. Ndidaugwira mkono umodzi uja nthawi yaitali. Kenako ndidapeza pomwe ndidamangira, ndidadula, ndidayamba kukoka.

Ulusi womasula umakhala wopotanapotana. Mwadongosolo lake umayenera kuukulunga kumsana kwa mpando, kuunyika m'madzi n'kuuyanika kuti uwongoke. Nthawi imeneyo ndidalibe. Ndidaponya masitichi 56 pasingano za mamilimita 4, magetsi atazima ndidayatsa tochi ya foni, ndidaluka. Misozi ikatseka maso ndinkapukuta ndi chitenje n'kupitiriza. Tambala woyamba polira chipewa chidali chitatha, pofika 6 koloko timasokosi tiwiri. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri ndidayamba chinthu n'kuchimaliza osaimika.

Nditakafika nazo kuchipatala mwana wanga adayang'ana mtundu wa ulusiwo, adandiyang'ana ine. "Amayi, si juzi ya agogo iyi?" Ndidangogwedeza mutu.

M'chipindamo mudali amayi ena, ena ochokera kutali kumidzi, omwenso ana adawadzidzimutsa. Makanda ena adawakulunga kumutu ndi kansalu kong'amba kuchitenje. Mayi wina wachitsikana adandifunsa monong'ona, "Amayi, chipewa chotere mumagulitsa bwanji?" Ndidati sindigulitsa, andidikire mawa. Kachipewa kotere sikadya ngakhale kotala ya mpukutu, ndipo kamatha madzulo amodzi. M'masabata atatu omwe tidakhala tikuyendera kuchipatalako ndidamasula mbali zakutsogolo, ndidamasula yakumsana, ndikulukira pabenchi podikira nthawi yoona odwala. Juzi ya mayi idatulutsa zipewa 17 ndi timasokosi tingapo. Ulusi wotuwirako uja, womwe udandiimitsa chaka chonse, palibe khanda lomwe lidaudandaula.

Mdzukulu wangayo pano akuyenda, ndipo akapeza mpukutu pampando amaukokera mpaka kukhitchini.

Kuchokera apo ndidadziikira malamulo, ndipo ndikugawireni mwina angathandize wina. Choyamba, pasingano pamakhala chinthu chimodzi basi; ulusi watsopano ndimauona m'sitolo n'kuupatsa moni, osagula. Chachiwiri, ndikaganiza zoluka juzi ndimasunga ndalama mpaka ikwane mipukutu yonse, ndigule tsiku limodzi, nambala yofanana. Chachitatu, ndidaleka kudikira tsiku lomwe ndidzakhale ndi mpata, chifukwa tsiku limenelo kwa mayi wapabanja kulibe. Zoluka zimayenda nane m'chikwama, nsonga za singano nditabaya pakachidutswa ka patapata kuti masitichi asavuke. Podikira minibasi kuti idzaze, mizere inayi. Pamzere wa kuchipatala, mizere khumi. Nyemba zili pamoto, mizere isanu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Chachinayi, mikono iwiri ndimaiponya pasingano imodzi ndi mipukutu iwiri, izikulira limodzi, pasakhalenso za mkono wachiwiri. Chomaliza, ndidaphunzira kukana. Munthu akandipempha chomwe ndikudziwa kuti sindimaliza, ndimamuuza pomwepo. Kukana kumawawa tsiku limodzi, koma lonjezo la m'dengu limawawa zaka.

Dengu ndidalikhuthula. Shawelo ya mwana wa mlamu ndidaimaliza n'kupatsa khanda la aneba. Sokosi ija ndidaimasula. Juzi ya abambo akunyumba ndidaimaliza mu Meyi 2025, patatha zaka zisanu ndi chimodzi. Tsoka lake, muyeso ndidawatenga mu 2019 mimba isadatuluke. Adailowetsa mutu, adailowetsa mikono, itafika pamimba idakana. Adaima pagalasi akupuma movutikira n'kuti, "Amake mwana, mwaluka bwino, koma mwalukira mnyamata amene adapita kalekale." Pano akuvala ndi mwana wathu wamwamuna.

Tsono amayi anzanga, ndi abambo omwe amene muli ndi mpando womwe mudayamba kukhoma chaka chatha, tsitsani dengu lanu usiku uno. Sankhanimo chimodzi, makamaka chomwe mwini wake ndi wokalamba kapena akukula. Juzi imadikira m'dengu zaka zingati osadandaula, koma woivala sadikira.