Chinenero cha apongozi ako ndi mnyamata wa ku Osogun

Mphwanga,

Uthenga wako wafika, ndipo ine mkulu wako ndauwerenga kangapo. Ukuti wayamba kuphunzira Chiyoruba kumeneko ku London kuti ukathe kulonjera apongozi tsiku la chinkhoswe, ndipo ukufunsa kuti timadontho tapansi pa zilembo ndi timizere tapamwambato tinachokera kuti. Yankho lake lili m'dzina limene agogo aamuna ankalitchula kawirikawiri pakhonde paja: Samuel Ajayi Crowther.

Ajayi anali mnyamata wa m'mudzi wa Osogun. Mu 1821, ufumu wa Oyo ukugwedezeka ndi nkhondo, ogwira akapolo anautentha mudziwo ndi kumumanga pamodzi ndi mayi ake. Anamugulitsa kangapo, pena kumusinthanitsa ndi hatchi, mpaka mu 1822 anamukweza sitima ya Apwitikizi ku Lagos. Anzake ambiri a ulendo wotere anakathera ku Cuba ndi ku Bahia, komwe zidzukulu zawo zimaimbirabe milungu ya kwawo Sango ndi Osun mpaka lero. Sitima yake iyeyo inagwidwa ndi asilikali apanyanja a ku Britain, ndipo anakamutsitsa ku Freetown. Kumeneko anabatizidwa mu 1825, nakhala m'gulu loyamba la ophunzira a pa koleji ya Fourah Bay.

Nthawi imeneyo dzina loti Yoruba linali la anthu a ku Oyo okha. Ena anali Aegba, Aijebu, Aekiti, aliyense ndi kalankhulidwe kake. Crowther anatulutsa buku la mawu a Chiyoruba mu 1843, ndipo iye ndi anzake a mishoni ya CMS anavutika zaka zambiri kufunafuna njira yolembera chinenero chimene liwu limasintha tanthauzo ukangokweza kapena kutsitsa mawu. Ife tili nazo pang'ono, paja mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika timasiyanitsa ndi khutu. Iwowo ali ndi makwerero atatu. Ọkọ ndi mwamuna wa pabanja, ọkọ́ ndi khasu, ọkọ̀ ndi bwato kapena galimoto, ndipo ukachotsa timadonthoto, oko ndi munda. Ndiye usamatilumphe powerenga, mphwanga.

Agogo ankakonda makamaka nkhani ya mu 1846, pamene Crowther, ali kale mbusa, anakumana ndi mayi ake ku Abeokuta patatha zaka 25. Akafika pamenepa ankavula magalasi n'kukhala chete. Mu 1864 anamudzoza ubishopu ku Canterbury, bishopu wakuda woyamba mu mpingo wa Anglican, ndipo Baibulo la Chiyoruba linatha kumasuliridwa m'zaka za m'ma 1880, lathu la Buku Lopatulika lisanatuluke mu 1922.

Koma mathero ake anali owawa. Mu 1890 amishoni achinyamata ochokera ku England anaimitsa ntchito abusa achikuda amene iye anawaphunzitsa, nkhalambayo ili pomwepo. Anamwalira pa 31 Disembala 1891, ndipo pampando pake anaikapo mzungu. Apa m'pamene agogo ankawawidwa mtima. Iwonso, zaka za chitaganya zija, ankachezera usiku ndi nyali ya koloboyi kumasulira timabuku ta Sande sukulu, koma titasindikizidwa dzina la pachikuto linali la wina. Atafunsa anawasamutsira kusukulu ya kutali, ndipo amayi anakulira komweko, kutunga madzi mtunda wautali. Banja lathu silinaiwale zimenezo, ndipo palibe anabwera kudzapepesa.

Kuno nkhani yako yawanda. Azakhali akuti anthu a ku Nigeria onse ndi amatsenga, umboni wawo ndi mafilimu aja amaonera kwa aneba. Komatu ndi omwewo ayamba kale kufunsa ngati nsalu yofanana ya paukwati, ija akuti aso ebi, iwapeza nawonso. Msuweni wako wa ku Ndirande wasiyana ndi mkazi wake, katundu anagawana pamaso pa ankhoswe sabata yatha, ndipo amalume sanadye tsiku limenelo.

Amalume omwewo ndi amene akumudetsa nkhawa mkulu wako. Kwa Ayoruba mwana ndi wa kwa bambo, ndipo pa chinkhoswe amayembekeza kuona akuchimuna akulankhula. Ife timatsogoza amalume. Uwafotokozere apongozi zimenezi nthawi ikadalipo, asadzaone ngati bambo athu anyozera mwambo. Udziwenso kuti mkamwini kumeneko sathawa apongozi monga kwathu. Amagona chafufumimba pamaso pawo, chifuwa pansi, iye ndi anzake onse, ndipo suti yodula si chifukwa chokanira. Polonjera akulu uyambe ndi Ẹ, amene ali ngati inu wathu: m'mawa ndi Ẹ káàárọ̀. Apongozi akakupatsa chakudya, ulandire ndi dzanja lamanja. Mndandanda wa katundu wa chinkhoswe ukabwera, zilazi, uchi, mtedza wa kola ndi zina, usakatenge ngongole mwakachetechete. Uyimbe foni kuno tisonkherane.

Chithunzi cha agogo chija, atanyamula mabuku awo, chapezeka m'sutikesi ya amayi. Mkulu wako akupita nacho kokachapitsa Lolemba, kuti ukachionetse kwa apongozi akadzafunsa za kwanu.

Ndine mkulu wako.