Mbedza yovala nthenga za nkhanga

Kwathu ku Nkhotakota munthu akanyamula mbedza, kunyumba amayamba kutsuka poto. Kuno ku England ndapeza anthu amene amadzuka m'mbandakucha, kuyenda maola awiri pa galimoto, kuima m'madzi ozizira ofika m'chiuno, ndipo nsomba ikakodwa amaijambula n'kuibwezera mumtsinje. Akafika kwawo amadya buledi ndi tchizi. Mnzanga wa kuntchito, bambo wachikulire wa ku Stoke-on-Trent, ndi mmodzi wa anthu amenewa. Atatopa ndi mafunso anga anandiuza kuti ndikadzionere ndekha ku chionetsero chawo.

Chionetserocho amachitcha British Fly Fair International. Chimachitika mu February, Loweruka ndi Lamlungu, pa bwalo la Staffordshire County Showground kunja kwa tawuni ya Stafford. M'tawuni imeneyi ndi momwe munabadwira Izaak Walton, amene buku lake lonena za kuwedza, The Compleat Angler, linatuluka mu 1653 ndipo akulisindikizabe. Ndinapita ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 11, yemwe nyanja yathu anaiona kamodzi kokha, ali kumsana.

Kawedzedwe kameneka n'kosiyana ndi kathu. Ife timakumba nyongolotsi kapena kutola ngumbi n'kubaya pa mbedza. Iwowa nyambo yawo ndi yabodza. Amatenga mbedza yaing'ono, kuikulunga ndi ulusi, nthenga ndi ubweya mpaka ioneke ngati kachilombo kamene nsomba ikudya tsiku limenelo. Popeza nyamboyo ilibe kulemera, munthu sangaiponye ngati mwala. Cholemera ndi chingwe, ndipo woponyayo amachiyendetsa m'mwamba, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako n'kuchigoneka pamadzi mwakachetechete. Nsomba zomwe amazifuna kwambiri ndi trout ndi salmon. Amene munakwerapo phiri la Zomba kapena kufika ku Chelinda pa Nyika mukuidziwa trout, atsamunda anaibweretsa m'madzi ozizira a kumeneko kuti asamasowe masewera akwawo.

M'holo munali ndodo, mawilo okulungira chingwe, nsapato ndi mathalauza olowera m'madzi, zonse zili mbwee. Mitengo yake sindinachedwepo. Ndodo ina kugula kwake n'kofanana ndi tikiti ya ndege yopita ku Lilongwe, ndipo anthu amaigwedeza m'manja, kugwedezanso mutu, n'kutulutsa khadi.

Pomwe ndinakhalitsa ndi pa mzere wa omanga nyambo. Amuna ndi akazi ochokera m'maiko osiyanasiyana anakhala pamatebulo, aliyense ndi nyali yake ndi kachitsulo kopanira mbedza. Mayi wina anali kumanga nyambo yotchedwa Pheasant Tail Nymph. Anandifotokozera kuti anaiyambitsa ndi Frank Sawyer, mlonda wa mtsinje wa Avon ku Wiltshire, ndipo iye sankagwiritsa ntchito ulusi n'komwe, koma kawaya kamkuwa ndi timizere tochepa ta nthenga ya kumchira wa mbalame. Mphindi zitatu zisanathe, kanthu kanali pa mbedzapo kanali ndi mimba, msana ndi timichira. Ndikanakaona pansi pa mwala mumtsinje ndikanati n'kamoyo.

Zipangizo zawo zinandiseketsa. Ubweya wa kukhutu kwa kalulu uli ndi nyambo yakeyake yotchuka. Nthenga za pafupi ndi mchira wa bakha amazikonda chifukwa zimayandama. Pali atambala amene amawetedwa ku America kaamba ka nthenga za m'khosi basi, nyama yake palibe akuifunsa. Ndiye pa tebulo lina mwana wanga anandikoka jekete.

"Adadi, izi si za nkhanga ya kwa agogo?"

Zinalidi nthenga za nkhanga, zamathothomathotho, zochapidwa bwino, zili m'kapepala ka pulasitiki ndi mtengo wake wa mapaundi. Amayi anga kumudzi akasosola nkhanga amasesa zimenezi n'kukataya kudzala.

Chilakolako cha nthenga chinafikapo poipa. Mu 2009 mnyamata wina wa ku America, wophunzira kuimba chitoliro ku London, anathyola nyumba yosungiramo zachilengedwe ku Tring n'kuba zikopa za mbalame 299, zina zosungidwa kwa zaka zoposa 100, kuti azigulitsa nthenga kwa omanga nyambo za salmon. Nyambo zokongola kwambiri zamtunduwu zambiri sizilawa ndi madzi omwe, zimangopachikidwa pakhoma m'galasi. Nanga zotchipa zija, zodzaza m'mabokosi mazanamazana? Zochuluka zimamangidwa ndi manja a anthu a ku Kenya, Sri Lanka ndi Thailand. Ndinanyamula imodzi n'kuganiza za munthu amene anaimanga, kaya anaionapo trout ndi maso, kaya amalandira zingati pa dazeni.

Bambo wina womanga tizilombo ta m'madamu atamva kumene ndimachokera anaika ulusi pansi. Amafuna kumva za nkhungu. Ndinamuuza momwe zimadzukira pakati pa nyanja ngati utsi wa tchire likupsa, momwe mphepo imazikankhira kumtunda, ndi momwe amayi amazikolera ndi dengu lonyowa n'kuumba zigumu zakuda. Iye anatsegula bokosi n'kundionetsa kanyambo koyera koonekera mkati, kofanizira mphutsi ya kachilombo kena ka m'madamu a kuno kamene ndi kachibale ka nkhungu. Munthuyo amadziwa mwezi umene kachilomboka kamatuluka, nthawi ya tsiku, ndi kuya kwa madzi kumene nsomba zimakadikirira. Ndinakumbuka malemu bambo anga, omwe ankangoyang'ana mtundu wa madzi a Bua n'kunena kuti lero tisataye nthawi. Nzeru ndi yomweyo, kungoti iwowa anailemba m'mabuku ndipo amaigulitsa, pomwe ya bambo anga inapita nawo kumanda kupatula zochepa zimene achimwene anatolako.

Funso langa lenileni ndinakalifunsa kwa anthu oteteza mitsinje, omwe analinso ndi tebulo lawo: bwanji mumabweza ndiwo m'madzi? Yankho silinali la chifundo ayi. Salmon ikutha. Nsomba imeneyi imabadwira mumtsinje, kukakulira m'nyanja yamchere, n'kubwerera kumtsinje womwewo kudzaikira mazira, koma zobwerera zikuchepa chifukwa cha madamu otseka njira, madzi oipitsidwa ndi kutentha kwa nyanja. Mu 2023 bungwe la IUCN linaika salmon ya ku Britain pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi yoti zitha. Ku Wales, kuyambira mu 2020 lamulo limati salmon iliyonse yogwidwa ndi mbedza ibwezedwe yamoyo. Ku England aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo sawedza m'mitsinje popanda chiphaso, ndipo ndalama za ziphasozo zimathandiza kusamala nsomba.

Pamene amafotokoza, ine m'mutu munali mpasa. Nayo imakulira m'nyanja n'kukwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaikira mazira pamiyala, mpaka azungu anaitcha salmon ya m'nyanja. Tili ana, mpasa imodzi inkakwanira banja lonse n'kutsalako ya mkute. Lero maukonde otchinga pamathiriro, katupe, ndi matope otsika m'minda ya m'mbali mwa mtsinje zaichepetsa moti mwana wa kumudzi akhoza kumaliza pulayimale asanailawe.

Sindingapite ku Bua kukauza msodzi kuti nsomba ikakodwa aijambule n'kuitaya. Kubweza nsomba n'kosavuta kwa munthu amene furiji yake ndi yodzaza. Msodzi wa kwathu nsomba imodziyo ndi sopo, ndi mchere, ndi kope la mwana. Koma maganizo oti madzi amafunika kupuma si achizungu. Pa chilumba cha Mbenje ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi dzinja lonse kwa zaka zambiri, n'kudzatsegula ndi mwambo mvula ikatha, ndipo asodzi amamvera chifukwa amaona utaka umene amapeza akabwerera. Chimene ndinasirira ku Stafford n'chakuti anthu amene amasangalala ndi mtsinje ndi omwewo amaulipirira, kuwerenga nsomba zake ndi kuukalipira boma ukaipitsidwa.

Chakumadzulo mwana wanga anakhala pa tebulo lophunzitsira ana. Anamanga nyambo yake yoyamba, mutu waukulu kuposa thupi, mapiko a nthenga ya nkhanga atapendekera mbali imodzi. Tili m'sitima anaijambula n'kutumiza kwa achimwene pa WhatsApp. Posakhalitsa kunabwera uthenga wa mawu, kumbuyo kukumveka mafunde ndi ana akusewera.

"Mwanawe, auze adadi ako kuti chilombo chimenecho ngakhale mlamba wanjala sungachidye. Koma mukamabwera mu August mubweretse ziwiri zabwinozo, tikaziyese pa Bua. Nthenga musagule, nkhanga zilipo kuno."